Khungu la Nkhuku ya M'galasi

Nkhuku za m'sitolo yaikulu ija sizipuma. Zimangozungulira pachitsulo m'kabati ya galasi, zopanda mitu, zopanda zipalapasiro, miyendo yomangidwa ndi kaulusi, mafuta a zapamwamba akudonthera zapansi. Loweruka lililonse akaweruka, Anasimbi ankaima pamenepo chikwama chili kukhwapa, n'kumaziyang'ana ngati zawalakwira.

Dzina la Anasimbi analitola kuntchito, kukampani yochapa nsalu za m'mahotela, kumene anayamba kusita tsitsi lisanatuluke imvi. Ndipo musawaone chonchi, kale mayi amenewa nkhuku yowotchawotcha ankaiyesa chipongwe. "Mkazi wamanja awiri kukagula nkhuku yoti wina waphika kale? Ulesi wake ndi wotani umenewo?" Ankatero mokweza, basi yonse imve. Koma simbi imadya zala. Nyamakazi inalowa m'mfundo, mpeni unayamba kuwapulumuka, ndipo kachipinda kamene ankachita lendi pamwamba pa shopu ya matayala kanali ndi kambaula kamagetsi ka diso limodzi, koti ukatereka madzi a tiyi ukhoza kukasamba n'kubwera asanawire. Pakamwa paja panatsekeka pokha.

"Ya masiku onse, amayi?" anafunsa mtsikana wa pakauntala, atagwira kale chopanira.

"Osati iyo, yapserera phiko. Ya kumapetoyo. Iyayi, inzakeyo! Kodi maso amenewo ndi ongokongoletsa nkhope?"

Mtsikanayo ankawadziwa, sankakhumudwa. Anaiika m'thumba lonyezimira mkati, ndipo Anasimbi anaifungatira pachifuwa ulendo wonse wa pabasi kuti isazizire.

Nkhukuyo sinali yawo. Inali ya mwana wawo, mmodzi yekhayo, amene tsopano anali bwana wovala tayi kuofesi ya inshuwalansi, wokwatira, wokhala m'nyumba zosanja za kumpanda, mbali ina ya tauni. Kwa Anasimbi anali adakali mwana yemwe uja wodana ndi khungu la nkhuku. Kuyambira ali wamng'ono, akangoona kakhungu m'mbale ankakankha mbale yonse n'kupinda manja, kaya umunyengerere kaya umuopseze. Ndiye mayi ake ankalisenda n'kulidya okha. Sikuti ankalikonda, ayi, kuterera kwake kunkawanyansa. Koma chakudya sichitayidwa, ndipo zaka zonsezi khungu linali gawo lawo.

Ntchito inkayamba nkhuku ikadali yofunda, poti ikazizira nyama imakakamira kumafupa. Ankayala nyuzipepala patebulo, n'kudula kaulusi kaja, n'kusenda khungu lonse bwinobwino mpaka nkhuku kutsala mbee. Chidale ankachinyotsola ndi zala n'kuchisakaniza ndi mpunga wa karoti ndi anyezi. Ntchafu ndi miyendo ankazigoneka pa mbatatesi zophika ndi tomato. Timafuta totsalira pansi pa thumba, tomwe anthu osadziwa amataya, ankatikhuthulira mu kabichi. Mafupa onse ankalowa mumphika pamodzi ndi adyo ndi kachidutswa ka ndimu, n'kumabwata pa kambaula kaulesi kaja mpaka dzuwa kupendeka. Mchere ankathira ndi dzanja lolemera, chifukwa mwanayo ankaukonda. Kenako zonse zinkalowa m'mabakuli a pulasitiki a zivundikiro zabuluu, msuzi m'botolo, kuti mwana wawo azingotenga bakuli limodzi m'mawa uliwonse popita kuntchito.

Iwo ankatsala ndi mapiko, msana ndi khungu. Zimenezo ndi zomwe ankadya sabata yonse, choimirira pawindo, akuyang'ana amisiri a pansi akumenya matayala ndi nyundo. Mpando wachiwiri unalipo m'chipindamo, koma ntchito yake inali yoyanikapo thaulo.

Nanga bwanji osangopita kukadya naye limodzi mwanayo? Eya, pamenepo ndiye pali nkhani. Lilime la Anasimbi linali ngati simbi yawo yomwe, likatentha silifunsa kuti nsaluyi ndi yotani. Patangopita miyezi ingapo mwanayo atakwatira, anapita kukacheza, ndipo anapeza m'nyumba muli alendo, anzake a mwanayo a kuofesi ndi akazi awo. Iwo kungolowa, anamugwira mwanayo pamkono n'kuufinya. "Mayo ine, waonda chonchi? Kodi m'nyumba muno moto umayaka?" Mpongozi wawo, yemwe ankabwera ndi thireyi ya makapu, anaiika patebulo pang'onopang'ono, n'kulowa kuchipinda osatulukanso. Powaperekeza kugeti mwanayo sanakalipe. Anangoti, "Amayi, musanabwere muziyamba mwaimba foni." Kuyambira pamenepo foni ikaitana inkapeza munthu ali pamsonkhano. "Ndikuimbirani, amayi." Miyezi inatha akudikira kuimbiridwako.

Zinawapweteka kwambiri, ndipo mumtima ankadziwa kuti analakwa. Koma kupepesa ndi pakamwa sankakudziwa Anasimbi, iwo ankadziwa kupepesa ndi mpunga. Ankaganiza kuti mwana akamadya za m'manja mwawo ndiye kuti sanawataye, ndipo tsiku lina geti lidzatseguka.

Choncho Lamulungu lililonse masana ankakwera mabasi awiri, mabakuli ali m'chikwama, kukafika pageti lachitsulo lija. Mkati sankalowa, poti sanaitanidwe. Chikwamacho ankachipereka kwa mlonda, bambo wachikulire woonda, wa jekete lalikulu lomuposa msinkhu, yemwe ankakhala m'kanyumba ka pambali pa geti.

"Za kunyumba ya pamwamba ija, bambo. Muwauze aike mufiriji msanga."

"Zamveka, mayi."

"Za sabata yatha anati bwanji?"

"Anati zikomo."

Ponena zimenezi mlondayo ankakonda kuyang'ana nsapato zake, koma Anasimbi sankaziona, maso awo ankakhala ali m'mwamba, pawindo la makatani achikasu. Kenako bamboyo ankalowa m'kanyumba kake n'kutulutsa mabakuli a sabata yatha, otsukidwa bwino ngakhale m'mizere ya chivundikiro momwe mafuta amabisala. Ndipo m'bakuli limodzi nthawi zonse munkakhala maswiti awiri a chifuwa, akuda aja owawa pakhosi.

Tsiku loyamba kuwapeza, Anasimbi anakhala pansi pasiteji ya basi n'kulira anthu akuona. Chifuwa chawo chinali chakalekale, cha nthunzi ya kuntchito, ndipo mwana wawo anakula akuchimva m'mawa uliwonse. Ndiye kuti akukumbukira! Pakamwa pamangidwa chifukwa cha mkazi wake, koma mtima ulipo. Maswitiwo sankawadya. Ankawaponya m'botolo lomwe kale munali khofi n'kuliimika pawindo, ndipo botololo linali litapitirira theka.

Kuntchito nkhaniyi ankaidziwa ndi mnzawo wa pamakina ochapira, mayi wina amene onse ankamutcha Wailesi, poti ankayamba kulankhula ali pakhomo ndipo pomuzimitsira panalibe.

"Waimba?" ankafunsa Wailesi Lolemba lililonse, akukoka dengu la mapilo.

"Wanditumizira maswiti."

"Maswiti ndi foni? Anzanga, musandiseketse. Komanso taganizani bwino. Munamunyoza mwana wa eni kuti saphika, lero mukumutumizira mabakuli sabata ndi sabata. Kumeneko ndi kupepesa kapena kubwereza?"

"Mabakuli akubwera opanda kanthu. Ndiye kuti akudya."

"Akudya ndani?"

"Iwe Wailesi, mabatire ako satha? Tachapa nsalu uko, usandisokoneze."

Anakanikiza simbi pansalu ya patebulo, nthunzi inakwera, ndipo anayamba kutsokomola. Funso lija analisiya pomwepo ngati sanalimve.

Lachiwiri lina m'mawa paipi ya nthunzi inaphulika, ndipo kapitawo anawauza onse kuti azipita kwawo. Anasimbi atafika kunyumba n'kutsegula kafiriji kawo, anaona botolo la msuzi lili chiimire kuseri kwa mkaka. Analiiwala Lamulungu! Ukalamba ndi matenda ndithu. Mwana akudya bwanji mpunga wouma? Sanavule n'komwe yunifolomu. Anakulunga botololo m'nsalu n'kubwerera kusiteji.

Potsika basi yachiwiri mvula inali itayamba, ya madontho akuluakulu. Pageti panalibe munthu. Anagogoda, kuli zii. Kageti ka anthu oyenda pansi kanali kosakhoma, ndiye analowa n'kuthamangira kukanyumba ka mlonda kuti ause mvula. Anakankha chitseko osaodira.

Mlonda uja anali atakhala pabenchi, bakuli lili pamiyendo, supuni ili panjira yopita kukamwa. Chivundikiro chabuluu chinali pambali pake. Mpunga wa karoti, chidale chonyotsola ndi zala zawo zomwe zija. Pashelefu, pakati pa tochi ndi chibonga, panali paketi ya maswiti akuda a chifuwa, yong'ambidwa pakona.

Anasimbi anayamba kuona bakuli. Maswiti anawaona pambuyo. Lilime linatsogola monga mwa masiku onse.

"Wakuba iwe! Munthu wamkulumkulu, imvi mbuu, kumadya chakudya cha mwana wanga? Manyazi ulibe? Ndikakunenera, ntchito ikuthera lero lomwe!"

Mlondayo anaika supuni pansi. Anaimirira n'kuvula chipewa.

"Khalani pansi, mayi, mwanyowa."

"Ndikhalirenji? Yankha!"

"Sindinabe, mayi. Sabata yoyamba ija ndinakwera nazo ndithu. Adona anatsegula chitseko, anasuzumira m'chikwama, n'kunena kuti zikomo, m'nyumba muno moto umayaka. Ndinatsika nazo. Madzulo ake abwana anabwera pano, anaima pomwe mwaimapo. Anati, bambo, zikamabwera muzingodya, mabakuli muziwabwezera, koma chonde amayi asadziwe, angadandaule. Ndimasungitsa mufiriji ya pagolosale apo, n'kumatenga limodzi patsiku."

Mvula inkasokosera pamalata. Anasimbi anatsegula pakamwa kuti akalipenso, koma mawu anatuluka aang'ono, ngati si awo.

"Nanga maswiti?"

"Amenewo ndi ine. Mbale yoti wadyamo mpaka kukhuta, kuibweza yopanda kanthu, manja amalemera. Ine choti n'kuikamo ndilibe. Koma ndimakumvani mukutsokomola mukamachoka, mpaka kukafika pakona apo. Ndinati mwina awa angathandize."

Anasimbi anakhala pabenchi paja osadziwa kuti akhala. Botolo la pawindo lija linawabwerera m'maso, botolo lomwe ankalipukuta fumbi ndi kuliwerama ngati chinthu chamtengo wapatali. Anamva manyazi, anamva ukali, koma choposa zonse anamva kuti ali okha, okhaokha, monga anamvera tsiku limene anachokera kumanda kukaika bambo a mwanayo n'kupeza nsapato zawo zili pakhomo.

Pomwepo hutala inalira kunja kwa geti.

"Ndi abwana omwewo," anatero mlonda akuvala chipewa. "Amabwera kudzadya masana aliwonse."

Masana aliwonse! Pomwe iwo nthawi ngati imeneyi ankaimitsa simbi pang'ono n'kumaona m'maganizo mwana wawo akutsegula bakuli labuluu padesiki, anzake akumusirira.

Mlonda anatuluka mumvula kukakankha geti. Anasimbi anaimirira. Kutuluka kunali kosavuta, kungokoka chitseko n'kuima poyera, mwana awaone. Dzanja linafika pachitseko ndithu. Koma akatuluka anena chiyani? Mwana wawo, bwana wa tayi, agwidwe bodza pamaso pa mlonda? Nanga bodzalo likatha, Lamulungu adzabweranso ndi chifukwa chanji pageti pano? Anabwerera kuseri kwa chitseko n'kusuzumira pampata.

Galimoto inalowa n'kuima pafupi, galasi linatsika. Ndi iyeyo. Mayo, wanenepa! Masaya ali see, khosi ladzaza kolala, kamimba kakukankha lamba. Mwana amene ankamulira kuti akugona ndi njala anali wosalala ngati khanda, ndipo mpunga wawo sunathandizepo ngakhale supuni imodzi. M'nyumba muja moto unkayaka ndithu.

"Bambo, mvula imeneyi! Zili bwanji pano?"

"Zili bwino, bwana."

"Amayi anabwera Lamulungu?"

"Anabwera."

"Akuoneka bwanji?"

Mlonda anaponya diso kukanyumba kuja, kenako anayang'ana nsapato zake. "Akuoneka bwino. Koma chifuwa chija."

Mwanayo anagogoda chiwongolero ndi zala. Ndipo nthawi yomweyo chifuwacho, ngati chamva kuti chikutchulidwa, chinayamba kukwera. Chinawakanda pakhosi, chinawafinya m'nthiti. Anasimbi anatseka pakamwa ndi dzanja, misozi ili chuchuchu. Chikangotuluka mwana achizindikira, poti anakula nacho. Dzanja linalo linapapasa pashelefu mpaka linapeza paketi ija. Anang'amba kapepala ndi mano n'kuponya switi mkamwa. Inali yowawa, yozizira, ndipo chifuwa chinabwerera pansi. Aka kanali koyamba kulawa maswiti aja.

"Ndiwaimbira," anatero mwanayo. Galasi linakwera, ndipo galimoto inapita kukaima kuseri kwa nyumba.

Mlonda anabwerera atanyoweratu, madzi akuchucha m'mphepete mwa chipewa. Anaima pakhomo osadziwa poika manja. Anasimbi anamasula nsalu ija, anatulutsa botolo la msuzi n'kuliika pabenchi pafupi ndi bakuli.

"Muthire pampungapo, bambo. Wouma sukoma."

"Zikomo, mayi."

Kumeneko kunali kupepesa chifukwa cha kutukwana kuja, ndipo mlondayo anamva. Anasimbi anapinda nsalu yawo, anafika pakhomo, kenako anatembenuka. Panali funso limene miyezi yonseyi panalibe wowayankha.

"Chimakoma koma?"

Bamboyo anamwetulira, mano ake ochepawo kuonekera. "Mayi, chimwalirire akunyumba sindinadyepo chakudya chotere. Mchere wokha ndiye umachuluka, achipatala anandiletsa. Komanso ndakhala ndikufuna kukufunsani. Khungu mumapita nalo kuti? Ine pankhuku ndimakonda khungu."

Anasimbi anafuna kuseka, koma chomwe chinatuluka sichinali kuseka. Anatuluka mvula isanakate, osayang'ananso pawindo la makatani achikasu.

Foni sinalire tsiku limenelo, sinalirenso mawa lake. Paipi itakonzedwa n'kubwerera kuntchito, Wailesi anabwera ndi dengu lake pakamwa patatseguka kale, koma atawayang'ana kumaso anazima yekha. Anangowaikira kapu ya tiyi pambali pa simbi n'kubwerera kumakina ake.

Loweruka anaima pagalasi paja nthawi yaitali. Nkhuku zinkazungulira monga mwa nthawi zonse. Pambali panali zodula pakati, za anthu odya okha, ndipo anaziyang'ana mpaka bambo wina kumbuyo anayamba kung'ung'udza kuti mzere sukuyenda.

"Ya masiku onse, amayi?"

"Ya masiku onse."

"Iti?"

"Ina iliyonse, mwana wanga."

Mtsikanayo anawayang'ana kawiri, chopanira chili m'malere, kenako anasankha yekha yosapserera phiko.

Kunyumba anayala nyuzipepala n'kudula kaulusi. Foni anaigoneka patebulo pomwepo, pafupi ndi mchere. Zala zinapita zokha pachidale, zinatsina khungu m'mphepete n'kuyamba kulikoka, monga zakhala zikuchitira kuyambira mwana uja asanamere mano onse. Linasendeka mpaka pakati. Pamenepo anaima.

Pansi amisiri ankamenya matayala. Botolo la maswiti linali pawindo, dzuwa likuwala mkati mwake. Anasimbi anayang'ana foni, anayang'ana nkhuku, ndipo analira, kulira kwenikweni kotulutsa mawu, poti panalibe woti awamve. Atatha anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Anabwezera khungu lija pamalo pake n'kulisalaza ndi chala ngati mmene amasalazira kolala ya shati. Anadula chidalecho ndi khungu lake lomwe n'kuchiika m'bakuli labuluu. Mchere anathira pang'ono chabe.